Fodya wa Pamphuno Nayenso Ngwa Eni

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft idasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta akale a m'timashopu ta fotokope pa Zóbuè adasanduka amasiye ali chiyakire. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pepani makolo, apa mudaphonya. Kompyuta ili pamphuno ndithu, udagula ndi mametikali ako, koma pulogalamu ya m'katimo ndi ya eni. Iwe udangolipira chilolezo chonunkhiza.

Izitu n'zachibwana tikafika pa mainframe, zimakina za IBM zomwe mabanki akuluakulu amasungiramo maakaunti. Kumeneko pulogalamu ndi ya lendi, mwezi ndi mwezi. Amayang'ana maola anayi amene makina adatanganidwa koposa m'mwezi wonse, pa muyezo wotchedwa MSU, bilu n'kuchokera pamenepo. Lipoti lake, la SCRT, umatumiza wekha, kudzinenera wekha. Makampani ena amamangirira kiyi yotsegulira pulogalamu ku nambala ya makina: ukasintha makina, kiyi yafa.

Tsono taganizani agogo ena ku Moatize atagula fodya wa malamulo otere. Mwezi ukatha, alembe kuti anunkhiza kangati. Kwagwa maliro, agogo achezera pa siwa, anunkhiza mobwereza kuti athamangitse tulo. Basi, bilu ya mwezi wonse yatengera usiku umodzi umenewo. Chimfine chawatseka mphuno sabata yathunthu, lendi ili pomwepo. Anzawo akati "tatigawireniko, achemwali," ndi mlandu, poti mphuno yachiwiriyo ilibe layisensi. Kenako tsiku lina kutulukira mnyamata wa tayi, kope m'manja, kudzawerenga mphuno za pamudzi, ndi za alendo zomwe. Nanga agogo akayetsemula, fodya wotulukayo awabwezera ndalama? Musayembekeze.

Kampani ya Vale itagulitsa mgodi wa Moatize ndi njanji ya ku Nacala kwa kampani ya Vulcan mu 2022, pa madola 270 miliyoni, nkhani inali ya malasha ndi masitima. Ine mtima unali pa kalaliki amene pa malonda otere amapatsidwa ntchito yolondola makiyi, chifukwa malayisensi ambiri sasamukira kwa mwini watsopano popanda chilolezo cha wopanga pulogalamu. Munthu ameneyu satchulidwa pa phwando. Dzina lake limadziwika tsiku limene kiyi yatha mphamvu malipiro a antchito asanatuluke, ndipo tsiku limenelo ngakhale abwana aakulu amaloweza nambala yake ya foni.