Walira mvula walira matope, ngakhale pa tala

Makolo athu ponena kuti walira mvula walira matope ankaganiza za munda. Sankadziwa kuti kudzabwera mbadwo wa anthu olipira ndalama kuti athamange makilomita 5 pa tala, popanda galu wowapirikitsa, popanda basi yowasiya. Koma mwambiwu unawalondola anthu amenewa mpaka m'tauni, ndipo umawapezera malo amodzimodzi: penapake kilomita yachitatu ikamatha.

Mvula yake ndi yokoma. Mumalembetsa dzina, amakupatsani tishati ndi nambala yomata pachifuwa, mumagula nsapato za pa kaunjika zomwe wogulitsa walumbira kuti ndi orijino. Ku Lilongwe anthu amadzaza msewu pa Be More Race ya Standard Bank, ena makilomita 21, ena 10, ndipo ochenjera amasankha 5 poganiza kuti atola zotchipa. Abale athu a ku Joni ali ndi parkrun Loweruka lililonse m'mawa, yaulere, yomwe inayamba ndi anthu 13 okha ku Bushy Park ku London mu 2004, n'kufika ku Delta Park ku Johannesburg mu 2011. Chithunzi chimapita pa sitetasi ya WhatsApp mpikisano usanayambe, nkhope ikadali yosalala.

Chimene sakuuzani polembetsa n'chakuti mtunda waufupi ndiwo wankhanza. Wothamanga marathoni amanyamuka modekha, amasunga mphamvu, ululu umamupeza mochedwa. Pa makilomita 5 mulibe nthawi yosungira kanthu. Ngati mukuthamanga moona mtima, wefuwefu amayamba musanamalize kilomita yachiwiri, ndipo sakusiyani mpaka kumapeto. Berihu Aregawi wa ku Ethiopia anautha mtundawu pa mphindi 12 ndi masekondi 49 ku Barcelona pa 31 Disembala 2021. Musaganize kuti iye sankamva kuwawa. Ankamva ndithu, kungoti kwake kunatha msanga, pomwe enafe timakhala nako theka la ola, ndiye mundiuze wolimba mtima ndani.

Matope ake amabwera motere. Kukhosi kwauma, m'nthiti mwayamba kubaya, miyendo yalemera, tishati yaulere ija ikupala m'khwapa. Kamnyamata kopanda nsapato kakupitirirani, kakucheza ndi mnzake. Ndiye wa kabaza, amene wakhala akukuyang'anani chapatali, wakuyandikirani mwaulemu: "Bwana, kwerani ndikakusiyeni cha kutsogoloko, palibe akuona."

Apa m'pomwe m'mutu mumadzuka loya, wodziwa ntchito yake. Akukukumbutsani kuti muli ndi ana a fizi, kuti agogo anu anafika zaka zambiri osathamangapo, kuti kuyenda n'kulimbitsa thupinso. Mfundo zake zonse n'zoona, vuto lake n'limenelo. Tim Noakes, katswiri wa za masewero wa ku University of Cape Town, ananena kuti bongo umachepetsa liwiro mwadala pofuna kuteteza thupi, mphamvu zisanathe kwenikweni. Akatswiri anzake ena amamutsutsabe, koma ine ndili mbali yake, chifukwa umboni umaoneka pa mamita 200 omaliza. Munthu amene amakwekwereza mapazi, nkhope ili ngati akulemba wilo, akangoona chikwangwani chomalizira ndi wojambula zithunzi, amaliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Mphamvu zimenezo zinali kuti nthawi yonseyi? Loya anazibisa.

Kulimba mtima kwa pamsewu sikuchokera m'mawu olimbikitsa a pa Facebook. Kumachokera pa kukumana ndi loyayo kawirikawiri mpaka muzolowere mawu ake. N'chifukwa chake othamanga enieni, kamodzi pa sabata, amapita pa bwalo n'kumazungulira mamita 400 mwamphamvu, kupuma pang'ono, kubwerezanso, mpaka kuwawako kukhale mlendo wodziwika. Tsiku la mpikisano saganiza za makilomita 2 otsala. Amapangana ndi mtima kuti tifike pa polo ya magetsi iyo, akafika amasankha ina. Eliud Kipchoge wa ku Kenya, amene anatha marathoni pasanakwane maola awiri ku Vienna mu 2019, amadziwika ndi kumwetulira zinthu zikafika povuta. Mukhoza kuyesa nanunso, ngakhale kwa ambirife chimatuluka ndi chinthu choopseza ana a m'mbali mwa msewu.

Komabe tisanamizane, si chonyowa chilichonse chomwe chili matope. Miyendo yotentha ndi kupuma mobanika, amenewo ndi anu, munalipira. Koma chifuwa chikamanga, chizungulire chikabwera, kapena bondo likabaya mwadzidzidzi, amenewo ndi madzi osefukira. Imani, muitane a zachipatala, ndipo wa kabaza uja mumupatse ulemu wake.

Chotsala ndi Lolemba. Masitepe a ku ofesi mukutsika chammbali, dzanja lili pa khoma, mendulo mwaiika pa desiki pooneka bwino. Mlonda wa pageti, amene amapalasa njinga kuchokera kutali tsiku lililonse popanda womuombera m'manja, akukufunsani mwachidwi:

"Bwana, ndamva munathamanga. Munawina zingati?"

"Ayi achimwene, ndine ndinalipira."

"Oho. Pepani."