Alendo onunkhira m'chikuta cha ku Chiromo

Mlongo wanga anachira mu Okutobala, mwezi womwe dzuwa la ku Chigwa cha Shire limakuwotcha ngati uli nalo ngongole. Nditamva uthenga ndinauyatsa wa ku Chiromo. Pa Bangula ndinakwera bwato, poti chidukireni msewu ndi njanji pa madzi osefukira a mu 1997, anthu a tsidya lija anazolowera kupalasa. Ndinakhalako masabata awiri, ndipo zimene mphuno yanga inaona kumeneko ndi izi.

Tsiku loyamba lomwelo, msuweni wathu wa ku Johannesburg anaimba pa WhatsApp. Atafunsa za moyo, anafika pa nkhani yake: “Kodi m'chipinda cha mwana mwaikamo fungo lanji? Kuno kuli timakina totulutsa nthunzi ya maluwa, nditumize?”

Mlongo wanga anaunguza m'chipindamo. Munali bedi, thumba la mapira, njinga ya bambo a mwana, chigubu cha madzi, ndi nkhuku yofungatira mazira kuseri kwa chitseko.

“Pakadali pano tikugwiritsa ntchito fungo la tayala ndi thadzi,” anatero. “Kamakinako kakamayendera magetsi, mutumize ndi magetsi omwe.”

* * *

Mchombo utagwa, alendo anayamba kufika. Oyamba anali azakhali a ku Blantyre. Fungo la perefyumu wawo linafika pakhomo iwo akadali pa mtengo wa nimu wa kumsewu. Galu anadzuka, kuyetsemula, n'kukagona kwa aneba.

Azakhali anakumbatira mlongo wanga mwamphamvu, kenako n'kutulutsa kabotolo m'chikwama: “Mwana wanga, ntchembere isamanunkhe mkaka ngati chikho. Tayima.” Pfii! pakhosi. Pfii! pachifuwa.

Sipanathe nthawi, khanda linadzuka. Kulipatsa bere, linatembenuza mutu. Kulipatsa linalo, linakuwa ngati lapondedwa. Apongozi a mlongo wanga, omwe anakhala chete nthawi yonseyi, anakhosomola kaye n'kunena mwakachetechete: “Mwanayu si wokana bere. Pali wina walowa muno ali wotentha.”

Owerenga akuluakulu mukudziwa tanthauzo la mawu amenewa. M'nyumba munagwa bata. Maso onse anatembenukira kwa mlamu wanga, yemwe dzulo lake anabwera mochedwa kuchokera ku Makhanga. Mlamu anayamba kulumbira, kutchula malemu bambo ake, kutchula amene anapalasa naye, ngakhale wogulitsa mandasi amene anamuona. Ine ndinangoyang'ana kudenga, poti nanenso ndinali mlendo wochokera kutauni, ndipo mbiri ya anthu a kutauni mukuidziwa.

Mlandu unali utatsala pang'ono kupita kwa ankhoswe pamene mlongo wanga, atatopa ndi thukuta, anatuluka kukasamba. Atabwerako n'kusintha bulauzi, mwana anagwira bere ngati ndi ganyu. Khanda la masiku owerengeka siliona patali, koma mayi ake limawadziwa ndi mphuno, makamaka fungo la mkaka ndi la khungu. Tsono ilo linkafunafuna mayi ake, n'kumapeza sitolo ya ku Limbe.

Mlamu mpaka lero akudikira kuti wina amupepese.

* * *

Koma mlamu yemweyo si woyera ayi. Chiromo ali pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo dambo lalikulu la Elephant Marsh lili pafupi pomwepo. Udzudzu wa kumeneko sukuluma mobisa, umayamba wakuimbira kaye nyimbo yamaliro. Usiku wina mlamu anati atetezeko mwana wake woyamba. Anatseka zenera, kutsekera chitenje pansi pa chitseko, n'kuyatsa makoyilo awiri, imodzi kumutu kwa bedi, ina kumiyendo.

Pakati pa usiku tinadzuka tonse tikutsokomola, m'nyumba muli tolo ngati muuvuni wa nsomba. Mwana maso ali psuu. Nkhuku ija inali itasiya mazira n'kuima pakhomo, ikupempha kutuluka.

M'mawa kunabwera mlangizi wa zaumoyo, mayi wosakonda zozungulira. Ananunkhiza bulangete la mwana n'kufunsa: “Bambo, neti munalandira kusikelo ija ili kuti?”

Mlamu anakanda m'mutu. “Ili kudimba, mayi. Ikuteteza nazale ya tomato ku ziwala.”

“Ndiye kuti tomato akugona m'neti, mwana akugona mu utsi?”

“Tomatoyo ndi amene adzagule matewera, mayi.”

Mlangiziyo sanaseke. Anamuuza kuti aike dzanja pamimba pa mwana, awerenge kupuma kwake. Mlamu anawerenga mpaka kusokonezeka. Khanda lobadwa kumene limapuma ka 40 kufika ka 60 pa mphindi imodzi, pamene munthu wamkulu amapuma ka 12 kufika ka 20. Utsi womwe bambo amaumeza kamodzi, mwana waumeza katatu, ndi timapapo tomwe sitinakhwime. Anawonjezeranso za mbaula ya makala, kuti m'nyumba yotseka imatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umagonetsa munthu osadzukanso. Madzulo ake neti inabwerera kunyumba, ikununkha manyowa. Tinaichapa, n'kuiyanika pamthunzi monga amanenera azaumoyo.

* * *

Agogo athu saona chifukwa chogulira koyilo. Njira yawo ndi ndowe zouma za ng'ombe ndi masamba a nimu pa phale, kufukiza. Tinawapempha kuti azichitira pabwalo, mwana ali m'nyumba. Anavomera, koma mokwiya: “Inu nonse munakulira utsi womwewu.” Msuweni wina anayankhira kumbali kuti mwina n'chifukwa chake tonse tinalephera samu.

* * *

Nkhani ya matewera ndi yomwe inandithetsa mankhalu. Tsiku lina mlongo wanga anagona masana, n'kusiya mwana m'manja mwa amuna awiri, mlamu ndi ine. Mwana anachita zake. Tinayang'anana. Pachitini chopopera fungo chomwe azakhali anasiya panajambulidwa maluwa okongola, ndiye mlamu anati: “Alamu, sayansi inabwera kudzatithandiza.” Anapopera kumadzulo, kupopera kuvuma, kupoperanso m'beseni la matewera.

Chimene chinatuluka pamenepo sindinachimvepo chiyambire. Fungo loyamba silinachoke, linangovala suti. Mwana anayetsemula kasanu motsatizana, ntchentche zinabwera ndi abale awo omwe.

Mlongo wanga atadzuka sanalankhule zambiri. Anatulutsa mwana panja, kutsegula zenera ndi chitseko, n'kutipatsa sopo ndi chidebe. Ubwino wa ku Chiromo ndi woti thewera ukaliyanika n'kupita kukamwa madzi, pobwera umapeza lauma gwa ngati chikopa. Fungo lonse linathera pachingwe.

* * *

Iyi yokha ndiinena osaseka kwambiri. M'sutikesi ya zovala za mwana, mayi wina wa kutchalitchi anaikamo timipira toyera tija tothamangitsa mphemvu ndi njenjete, ati zovala zizimveka zaukhondo. Tinatulukira chifukwa mwana wa aneba wa zaka zitatu anabwera kwa amayi ake akulira kuti switi ya kwathu ndi yowawa. Mwamwayi anangonyambita n'kulavula, koma amayi ake anathamanga nayebe kuchipatala.

Namwino anawauza kuti timipirato timakhala ndi mankhwala otchedwa naphthalene, ndipo makanda ena, maka amene anabadwa ndi magazi osachedwa kuwonongeka, amatha kudwala chikasu choopsa pongovekedwa zovala zosungidwa nato. Zovala zonse tinazichapanso. Namwino yemweyo anatchulanso mafuta a chimfine aja opaka pachifuwa, onunkhira mobaya m'mphuno: ambiri amalembedwa pabotolo kuti si a mwana wosafika zaka ziwiri. Azakhali atamva zimenezi anabweza mwakachetechete kabotolo kena m'chikwama, n'kuyamba kufunsa za mtengo wa mbatata.

* * *

Lubani anabwera ndi bambo wina wochita geni ya nsalu, mnzake wa mlamu. Anati akayatsa kamtengo kamodzi, mwana agona ngati mfumu. Apongozi anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu: “Takhuta, bambo. Koma mfumu yathuyi yagona kale. Kayatsireni ng'ona kudooko, ndi zimene zikusowa tulo.”

* * *

Tsopano za ine mwini, kuti musati ndimangonena anzanga. Tsiku lotsanzika ndinadzera kudooko kukagula milamba yowamba ndi makakana oti ndipite nawo kutauni. Ndinanyamula phukusi pachifuwa ulendo wonse wobwerera kunyumba. Nditafika ndinapempha kuti ndimunyamuleko mwana komaliza. Mwana amene anakana perefyumu wa ku Blantyre, kukana maluwa a m'chitini, anaika mutu pamalaya anga onunkha mlamba n'kugona tulo tofa nato.

Ndinayamba kudzitama kuti mwana wadziwa malume ake. Apongozi anagwedeza mutu: “Sanadziwe inu. Wadziwa kwawo.”

Amphaka awiri anandiperekeza mpaka pabwato.

Tsono inu amene mukukonzekera kukaona khanda ku Chiromo, ku Makhanga kapena kulikonse kumene udzudzu umalamula: tengani sopo wosanunkhira, tengani chitenje, ndipo ngati thumba likulola, neti yachiwiri, kuti tomato asalimbiranenso ndi mwana. Perefyumuyo mudzipoperere pobwerera, mukatsika bwato pa Bangula.