Injini ya boti pa bwato la mtengo: malamulo ogulira graphics card kwa Malenga Chanzi

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anandipeza pakhonde Lamlungu lapitali ndikudya kondowole wa usipa. Nkhope yake inali ya munthu wobwera kudzanena maliro, moti ndinabweza mbamu m'mbale.

"Amalume," anatero atakhala pansi, "kompyuta yanga ikufunika graphics card yatsopano."

Ndinafunsa ngati kompyutayo yafa, iye anati ikuyaka bwinobwino. Ndinafunsa ngati magemu akukana kutseguka, anati akutseguka. Titakumba nkhaniyo tinapeza kuti mnyamata wina wa ku America wanena pa YouTube kuti aliyense amene akusewerabe ndi khadi lakale akudzizunza yekha, ndiye mphwanga, amene dzana anali kuseka akugoletsa zigoli, wadzuka atazindikira kuti wakhala akuvutika osadziwa.

Monga mwini mbumba, milandu ya maukwati ndi ya malire a minda ya mpunga ndaiweruzapo yambiri, koma wa khadi ndi woyamba. Poti odwala nthenda imeneyi achuluka kuyambira pa boma mpaka ku Chia, ndalemba malamulo, kuti wofuna kutaya ndalama azitaye mwadongosolo.

Lamulo loyamba: musayang'ane gemu imene mumasewera, yang'anani khadi limene ali nalo anzanu a kunja. Iwo ali ndi RTX 4090 ya Nvidia, imene inatuluka mu Okutobala 2022 pa mtengo wa madola 1,599. Ena adutsa kale pamenepo, ali pa RTX 5090 ya mu Januwale 2025, ya madola 1,999. Inu muli ndi GTA V, imene inafika pa kompyuta mu 2015, ndi gemu ya mpira imene mumasewera ndi timu imodzimodzi chaka chonse. Eni ake a EA Sports FC 24 analemba poyera kuti gemu yawo imayamba kuyenda ndi GTX 1050 Ti, khadi la mu 2016. Zimenezo musaziwerenge. Zolemba zotere n'za anthu opanda masomphenya. Munthu wa masomphenya amagula thirakitala yolimira bedi la tomato.

Lamulo lachiwiri: musatsegule bokosi la kompyuta musanagule. Mukatsegula mupeza zokhumudwitsa. Makompyuta ambiri amene ali m'nyumba zathu ndi aja anapuma pantchito m'maofesi a kunja, a Dell OptiPlex kapena a HP, ang'onoang'ono ngati katoni ya sopo. Anawapangira kulemba makalata, ndipo power supply yake nthawi zambiri imapereka mawati osafika 300. RTX 4090 payokha imadya mawati 450, ndipo oipanga amalangiza power supply ya mawati 850. Kutalika kwake kokha sikungalole kuti chitseko cha kabokosi kanu chitsekeke.

Pano padooko palibe msodzi amene angamangirire injini ya Yamaha ya mahatchi 40 kumbuyo kwa bwato losema. Akudziwa kuti mutu wa bwato uloza kumwamba, iye n'kukamwa nyanja asanafike pamene anatchera ukonde. Koma inu si msodzi, munapita kusukulu, choncho mangirirani. Khadi likafika n'kukana kulowa, mugule bokosi lina. Bokosi likafika, mugule power supply. Zonse zikayaka mupeza kuti processor yanu ya zaka 10 zapitazo ikulephera kulipatsa khadilo ntchito, lili phee ngati mlovi wamphamvu amene akudikira siginala woledzera. Ndiye mugule processor, imene sikwana pa motherboard yakale, imenenso RAM yake ndi ya mtundu wina. Walira mvula walira matope. Pomaliza pa kompyuta yanu yoyamba ija padzatsala chingwe cha mbewa chokha, ndipo mudzauza anzanu kuti mwangoikonza pang'ono.

Lamulo lachitatu, ndipo ili ndi limene limandikoma kwambiri: konzani zonse ngati kuti magetsi ndi mbale wanu amene sangakuthaweni. Iwalani kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Muzidzilimbitsa mtima kuti kuno ku Nkhotakota kuli munda wa mapanelo a dzuwa wa mamegawati 21, ngakhale kuti magetsi akewo amalowa m'mawaya a dziko lonse, sabwera kudzagogoda pakhomo panu chifukwa choti ndinu mnansi.

Masamu a mayunitsi musawachite. Ndikuchitirani ine kuti muwanyalanyaze bwino. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Kompyuta ya khadi lalikulu ikamadya mawati 600, maola 5 a gemu ndi mayunitsi 3. Ya khadi laling'ono la mawati 75, yonse pamodzi ingadye cha m'ma 150, ndipo maola 5 omwewo safika n'komwe yuniti imodzi. Kusiyana kumeneku amakumva ndi amayi anu pamene mita ikulira usiku, nsomba zili mu firiji.

Amene muli pa sola musaone ngati ndakuiwalani. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi papepala, ndipo ngati ndi ija ya asidi, yogwiritsa ntchito popanda kuipha ndi theka lake. Ndiye kuti chilombo chanu cha mawati 600 chidzasewera ola limodzi, banja lonse n'kugona mumdima mafoni ali chizimire. Muwauze kuti mithunzi ya mu gemuyo inali yooneka ngati yeniyeni. Adzamvetsa, popeza nawonso adzakhala ali mumthunzi weniweni.

Chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu musagule. N'chotchipa kwambiri moti chingakuchotsereni ulemu. Lumikizani kompyutayo pa ekisitenshoni ija ya pamsika, pamodzi ndi ayironi ndi ketulo.

Lamulo lachinayi: sikirini ikhale yomweyo. Ija ya 1366 x 768, imene imatha kuonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi, kapena TV ya pabalaza imene mumalimbirana ndi agogo nthawi ya nkhani. Khadi lanu lizitulutsa zithunzi 200 pa sekondi, sikirini izionetsa 60, zotsalazo zizitayika ngati madzi a ndowa othira m'kapu. Chofunika n'choti pakona pakhale kanambala kobiriwira kolemba 200, mukajambule, mukaike pa status ya WhatsApp.

Lamulo lachisanu: gulani kwa munthu amene simunamuonepo. Akhale wa pa Facebook, chithunzi chake chikhale cha galimoto, ndipo anene kuti katundu ali m'basi akuchokera ku Johannesburg, inu mungotumiza ndalama pafoni kuti akusungireni. Akati "n'chatsopano, changogwira miyezi iwiri," mukhulupirire. Musakumbuke kuti mpaka mu Seputembala 2022, pamene Ethereum inasiya njira yokumba ndalama zake za pa intaneti ndi makhadi, makhadi ambirimbiri ankagwira ntchito usana ndi usiku m'mashedi otentha, ndipo ntchitoyo itatha anathiridwa pamsika wa zakale. Ena mwa iwo ndi abwino ndithu, koma ena mafani ake anatopa ngati ng'ombe ya pangolo. RX 580 ya AMD, ya mu 2017, inali imodzi mwa zokondedwa za okumbawo, ndipo imadya mawati 185, choncho kabokosi kanu ka mu ofesi sikailandira ngakhale itakhala yamoyo.

Palinso akatswiri ena amene amatenga GTS 450 ya mu 2010, n'kuisintha za m'kati kuti kompyuta iziiwerenga ngati GTX 1050 Ti, n'kuiveka chikuto chonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa GPU-Z kamene kamaulula makhadi ambiri onamizira otere, ndipo wogulitsa woona mtima sakana kuti muike khadilo m'kompyuta, musewere mphindi 30, muone ngati likutentha kapena kulemba mizeremizere pa sikirini. Koma kupempha zimenezi n'kusakhulupirira mnzako. Livingstone ndi Jumbe, ngakhale ankasiyana pa zonse, anakumana maso ndi maso pansi pa mtengo uja uli pa boma. Inu ndinu amakono, chithunzi cha katoni chikukwanirani.

Za mtengo musadandaule. Makhadi amagulidwa m'madola, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogulitsa akati "mtengo umenewu ndi wa lero lokha," aka n'koyamba kuti akuuzeni zoona.

Malamulo otsalawa ndi achidule, poti ndalama zanu zatha kale. Lachisanu ndi chimodzi: sankhani gemu ya magigabaiti 100, muitsitse ndi bandulo ya pafoni, mutaimika foniyo pazenera loyang'ana kumsewu wa M5. Lachisanu ndi chiwiri: mukamawomberedwa pa intaneti musanamuone n'komwe mdani, dzudzulani khadi, ngakhale kuti chochedwa ndi uthenga wanu umene ukupita ku seva ya ku South Africa kapena ku Ulaya n'kubwerako. Lachisanu ndi chitatu: ikani kompyuta pansi, pakona, m'chipinda cha malata opanda siling'i, ndipo muiyese mphamvu masana a mu Okutobala. Khadi likapyola madigiri 80 limayamba kudzichepetsa liwiro lokha kuti lisapse, nzeru imene mwini wake alibe. Lachisanu ndi chinayi: onetsetsani kuti lili ndi timagetsi tosinthasintha mitundu, musiye zenera lotsegula usiku umene nkhungu zatuluka m'nyanja. Mafani atatu a khadilo adzakukokerani ndiwo ya mawa.

Apa ndisiye kaye nthabwala, chifukwa nkhaniyi ikundipweteka. Mphwanga si chitsiru. Ndi iye amene amakonza mafoni a mudzi wonse, ndipo kompyutayo anaigula ndi ndalama za thukuta lake. Chondikwiyitsa n'choti munthu wa kutali, amene amapeza ndalama poonetsa katundu watsopano mwezi uliwonse, wamuchititsa manyazi ndi chinthu chimene chikugwira ntchito. Ndalama imene anadzapempha ndi ya matumba a mpunga amene mayi ake anaweramira m'dambo kuyambira Januwale. Kusewera gemu si tchimo, ifenso tinatha masiku pa bawo pansi pa mango. Koma kugula chinthu usanadziwe chimene chikudwala, kumeneko ndiye kumandiwawa.

Ndipo kudziwa chodwalacho n'kwaulere. Tsegulani gemu, mutsegulenso Task Manager pa Windows, muyang'ane. Ngati GPU, imene ndi khadilo, yadzaza kufika 100 peresenti pamene processor ikupuma, gemu n'kumadukizabe ngakhale mwatsitsa mithunzi ndi zokongoletsa zina, pamenepo khadi ndi lolakwa. Ngati yadzaza ndi processor, khadi latsopano silikuthandizani. Ngati ndi RAM, kuchoka pa magigabaiti 8 kupita pa 16 n'kotchipa kuposa khadi. Ngati gemu ikuchedwa kutseguka, vuto ndi hard disk yakale, ndipo mankhwala ake ndi SSD. Zikapezeka kuti ndi khadidi, bokosi la mu ofesi limalandira makhadi a mawati 75 osafuna chingwe chapadera cha magetsi, monga GTX 1050 Ti kapena GTX 1650 ya mu 2019, ndipo ngati bokosilo ndi lopyapyala mufunse la low profile, mutawerenga kaye mawati olembedwa pa power supply yanu. Amene ali ndi bokosi lalikulu ndi sikirini ya 1080p angaganizire za RTX 4060 ya mu 2023, imene imadya mawati 115 okha. Zoposa pamenepo, kuno kwathu, mukugulira mboni.

Lolemba ndinapita kwa mlongo wanga ndi sikuludiraiva ndi kaburashi kopentera. Titatsegula bokosi tinapeza fumbi loumbika ngati bulangeti, mapiko a nkhungu za chaka chatha, ndi nalimata wouma atakumbatira fani, amene ayenera kuti anafa akuyesetsa kuiimitsa. Tinasesa, tinachotsa malemuyo, tinakweza kompyuta pa tebulo. Gemu ya mpira inayenda mosadukiza, ndipo mphwanga anandigoletsa zigoli 6 ine ndisanadziwe kuti osewera anga ndi ovala zofiira kapena zoyera.

Ndinaganiza kuti mlandu watha. Akundiperekeza, tili pafupi ndi mathandala a usipa, anakhosomola.

"Amalume, zikomo kwambiri. Koma poti ndalama ya khadi ija yapulumuka, pali kiyibodi ina imayaka mitundu 7."

Mlongo wanga, amene anali kutitsatira kumbuyo, anandikumbutsa kuti akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha m'manja. Ndinamuyankha kuti akuluakuluwo ankathyola nsatsi zawo kuseri kwa nyumba, sankaziitanitsa m'madola.