Mbuzi Yanga Inapita ndi Oscar

Mukafika pa Simlemba n'kufunsa za a Osika, ngakhale kamwana kogulitsa zitumbuwa kakulozerani kanyumba kanga koonetsera mafilimu kuseri kwa chigayo. Dzinali si la makolo ayi. Ndinalipeza ndekha nditakula kale, ndipo ndinalipira ndi mbuzi yaikazi, yabere.

Zinayamba chakumapeto kwa 2019, mvula isanagwe, tikuthirira nazale za fodya kudambo. Mwana wa mlongo wanga wa ku Mzuzu ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Pamwamba panali mawu akuti Oscars, pansi pake dzina la filimu ija ya kwathu, The Boy Who Harnessed the Wind, pakati pake timawu tina tambiri ta Chingerezi. Ine Chingerezi changa ndinachiphunzira kwa Rambo, ndipo mukudziwa kuti Rambo salankhula zambiri. Mawu akuti submitted ndinangowadumpha ngati chithaphwi. Chimene ndinamva n'chakuti Kasungu wafika ku America kukatenga chikho.

Musandiseke msanga. Chaka cha 2018 tinamva pa wailesi kuti Malawi watumiza koyamba filimu ku mpikisano umenewu, The Road to Sunrise ya a Shemu Joyah, koma ija inali nkhani ya m'tauni ya Blantyre ndipo kuno inangotidutsa. Iyi inali ya pakhomo. William Kamkwamba ndi mwana wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, boma lathu lomweli. Njala ya 2002 imene inamuchotsa pa sukulu ndi yomwe ife tinadyera gaga ndi zitsa za nthochi. Makina ake opanga magetsi ndi mphepo anawalumikiza ndi njinga ya bambo ake, mapaipi ndi zitsulo zotola kudzala, anthu akumunena kuti wapenga misala. Filimuyo inajambulidwa konkuno ku Kasungu, muli Gule Wamkulu, mulinso Lily Banda, mwana wa ku Malawi. Chitulukireni pa Netflix mu Malichi 2019 ndinali nditaionetsa kambirimbiri (musandifunse kumene ndinaipeza). Anthu ankafa ndi phwete akamva Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, yemwe amasewera ngati bambo ake a William, chifukwa lilime lake limachita ngati likuyenda pa mlatho wa mtengo umodzi. Koma ikafika pa njala paja, m'nyumbamo munkangoti zii, amayi ena n'kutuluka kukapukuta misozi panja.

Ndiye ndinayamba kulalika. Pachigayo, pabawo, ngakhale pamaliro.

Amene anandiyesa ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, omwe amaphunzitsa kupulayimale. Anandifunsa mofatsa, uku akusenda chinangwa: "Alamu, filimuyi watumiza ndani?"

"Ife," ndinatero.

"Ife ndani?"

Funso limenelo linandiwawa ngati andiponda pachilonda. Ndinati anthu ophunzira vuto lanu ndi nsanje, simufuna chabwino chichokere kwanu. Pamaso pa anthu asanu ndi mmodzi ndinati ngati chikho sichibwera ku Kasungu, akatenge mbuzi yanga yoyera ija. Iwo anaikapo wailesi yawo ya sola. Anayesa kunenanso kanthu, ine ndinatseka makutu n'kunyamuka.

Mwambo wopereka mphoto unali pa 9 Febuluwale 2020, Lamlungu. Aliyense wolima fodya akudziwa kuti Febuluwale ndi mwezi wotani: fodya ali m'chigafa, manja akuda bii ndi phula la masamba, ufa watha, ndalama ili kutali. Ine ndinatsegula chitini chimene mayi a kunyumba ankasungiramo ndalama zolipira aganyu osoka fodya. Ndinagula petulo wa jenereta, ndinabwereka dishi ndi dikoda kwa mnzanga wa golosale, n'kulipira tchanelo cha mwezi wathunthu. Pabolodi panja ndinalemba ndi choko kuti LERO USIKU KASUNGU ALANDIRA CHIKHO KU AMERICA, KHOMO K300. Amfumu ndinawaitana mwaulemu, aulere, ndi mpando wa ndalema.

Anthu anabwera, ndipo sindikuwadabwa. Lolemba la sabata yomweyo, pa 3 Febuluwale, dziko lonse linali litakhala pa wailesi tsiku lathunthu kumvera majaji asanu akufafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Tinali titazolowera kudikira chigamulo.

Inakwana 8 koloko usiku, palibe chimene chikuchitika. 10 koloko, chimodzimodzi. Mnyamata wina wa Folomu 3 ndiye anatiuza kuti ku Los Angeles dzuwa limatsalira ndi maola khumi, kotero iwo akamayamba 5 koloko madzulo, kwathu ikhala 3 koloko m'bandakucha. Ndinati ndimadziwa kale, ndimafuna anthu apeze malo. Ndinaonetsa filimu ya William kawiri kuti nthawi ipite. Mvula inayamba, denga langa linayamba kudontha pamene panakhala amfumu, tinawasuntha. Petulo anatsika, ndinatuma mwana kukagogoda kwa wa kabaza wa njinga yamoto kuti atipopereko m'thanki mwake pangongole.

Itakwana 3 koloko, zinayambadi. Azungu ovala masuti akuda, akazi ovala nsalu zokwana banja lonse, kuimba, kuseka nthabwala zimene ife sitinazimve. Akangoonetsa munthu wakuda aliyense, kumbuyo kunkamveka "Ndi yemweyo!" ndi nthungululu, kenako n'kuzindikira kuti si iye. Amfumu anagona. Atambala analira koyamba, kachiwiri.

Kunja kutayamba kuyera, mayi wina anabwera ndi envelopu n'kunena kuti tsopano ndi mafilimu a mayiko ena. Ndinaimirira, ndinakonza kolala. Anatchula Poland. Anatchula North Macedonia, dziko limene ndinali ndisanalimvepo. France, Spain, South Korea. Ndinauza anthu kuti wathu amusungira kumapeto, monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka. Envelopu inatsegulidwa, ndipo kunakwera bambo wina wa tsitsi losapesa, Bong Joon-ho, ndi womumasulira pambali, kukalandira chikho cha filimu ya ku South Korea yotchedwa Parasite.

"Tipeksi!" ndinakuwa. "Atibera! Apanso apaka tipeksi ngati pa chisankho chija!"

Palibe anandithandiza. Alamu anadzuka pa benchi, anatulutsa foni, n'kuyamba ndi mawu awo aja a m'kalasi. Anati dziko lililonse limaloledwa kutumiza filimu imodzi, ndipo chaka chimenecho anatumiza mayiko 93. Kutumiza kuli ngati kulembetsa mayeso, si kukhoza. Pa 16 Disembala anasankhapo khumi, pa 13 Januwale n'kutsala asanu. Yathuyi inagwa pa sefa yoyamba ija, mu Disembala, ife tikuthira feteleza. Ndiye kuti pafupifupi miyezi iwiri ndinkaitanira anthu ku ukwati umene unatha kale.

"Komanso alamu," anapitiriza, "ndinakufunsani kuti watumiza ndani. Filimuyi sanatumize Malawi. Anatumiza Britain."

Apa ngakhale amfumu anatsegula maso. Alamu anafotokoza kuti filimu imawerengedwa ya dziko la anthu amene anaipanga, osati la amene nkhaniyo inawachitikira. Ejiofor, yemwe anailemba ndi kuitsogolera, anabadwira ku London, ndipo a BBC anaikapo ndalama. Lamulo lina ndi lakuti mawu opitirira theka akhale a chilankhulo china, osati Chingerezi. Chaka chomwecho filimu ya ku Nigeria, Lionheart, anaichotsa chifukwa Chingerezi chinachuluka. Ndiye Angerezi, eni ake Chingerezi, akafuna kulowa nawo amafunika filimu ya chilankhulo cha ena. Mu 2018 anatumiza I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, yojambulidwa ku Zambia. Mu 2019 anapeza Chichewa chathu, chija tinkachisekachi.

Mkulu wina amene wakhala akulima fodya kuyambira nthawi ya Kamuzu anatafuna mawuwo pang'ono, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye ngati belo tu. Likamachoka pa Chinkhoma limakhala ndi nambala yako, likasanduka ndudu lili ndi dzina la mwini sitima." Anatambasula dzanja kwa ine. "Mwana wanga, K300 yanga ija."

Ndinabweza kwa onse, kupatula atatu amene anati tulo anagona m'nyumba mwanga n'tabwino. Mayi a kunyumba anandipeza ndikupinda mawaya. Sanakalipe. Anangoika chitini chopanda kanthu patsogolo panga n'kunena kuti, "Abambo, aganyu abwera 7 koloko. Mukawauze za Koreyazo." Fodya wa sabata imeneyo ndinasoka ndekha, maso akuyaka ndi tulo.

Mu 2021 Malawi anatumizadi filimu yakeyake, Fatsani ya Gift Sukez Sukali. Nditangoimva nkhaniyo pa wailesi ndinadzuka kukafuna choko, koma ndinapeza mayi a kunyumba anabisa kale bolodi kuseri kwa nkhokwe. Alamu mbuzi ija anaitcha Koreya. Inaswa ana awiri mwezi womwe anaitenga, ndipo ndikadutsa pakhomo pawo amandiitana kuti ndidzaone mmene khola ladzadzira.