Ndinapempha Chikwapu, Chinagwa Pamsana Panga

Kumpingo kwathu kuno ku Linthipe akamagawana maudindo, ine amandikumbukira anthu atayamba kale kudzuka pamabenchi. Mkulu wa kwaya alipo, mlembi alipo, msungichuma alipo ndipo wanenepa bwino. Ine anandipatsa bokosi. Ndi lachitsulo, la loko wamkulu, ndipo mumakhala chuma chonse cha kwaya: mabuku a Nyimbo za Mulungu, makope a nyimbo zolembedwa m'madoremi, makaseti, masidi, memori khadi ndi chingwe cha kiyibodi. Anandisankha chifukwa nyumba yanga ndi yamalata, koma ine ndimakonda kunena kuti anaona luso.

Vuto la udindowu ndi obwereka. Buku likatuluka kupita kumaliro, limachoka kumaliroko kupita ku chinkhoswe, kenako mumangomva kuti analiona pa kabaza likulowera ku Dedza. Likadzabwera limakhala lopanda chikuto, masamba oyambirira atathothoka, moti tili ndi mabuku ena amene nyimbo yake yoyamba ndi nambala 14.

Choncho atabwera kutchuthi mwana wa mlongo wanga, mtima unakhala pansi. Mphwangayu amaphunzira ku yunivesite ina, ndipo maola opanda kalasi amagwira ganyu mu laibulale, mbali yosungira nyimbo. Ndinamugulira chipisi pamsewu wa M1, ndi kumuuza kuti andilembere malamulo onse a kuntchito kwakeko, osasiyapo ngakhale limodzi. Ndinkafuna chikwapu chokwapulira obwereka.

Analemba masamba awiri. Ndinavala magalasi kufunafuna pamene pali chindapusa, koma lamulo lililonse linkayamba ndi mawu akuti wogwira ntchito.

"Mphwanga, nanga a obwereka ali kuti?"

"Amalume, a obwereka ndi ochepa: abweze pa tsiku lake, asalembe m'buku ndi bolopeni. Ambiriwo ndi athu osungafe, chifukwa ndife timagwira zinthuzo tsiku lililonse."

Ndinazindikira kuti chipisi chija ndinafulumira kugula.

Lamulo loyamba linati wogwira ntchito asaine nthawi yofika ndi yoweruka, ndipo kaundula asungidwe ndi womuyang'anira, pakuti munthu sadziyang'anira yekha. Ndinafotokoza kuti ofesi yanga ili kuseri kwa bedi, ndipo ndimafikako ndikangotsitsa mwendo. Mphwanga anati zilibe kanthu, womuyang'anira apezeke basi. Mayi a kunyumba, amene anali pakhomo kusenda kachewere ngati sakumva, anapukuta manja pachitenje n'kulandira kopelo. Sindinawaonepo akulandira ntchito mwachangu chotero.

Lachiwiri linaletsa chakudya ndi chakumwa pafupi ndi mabuku, ndi kulamula kusamba m'manja musanagwire kanthu. Apa ndinavomereza ndi mphamvu, n'kutulutsa buku lodzaza madontho a mafuta kuti mnyamatayo aone nkhanza za anthu a kwaya. Analiyang'anitsitsa, anagwira chala changa chachikulu n'kuchiika padontholo. Chinakwanira ndendende. Ndinamukumbutsa kuti zala za anthu zimafanana, koma iye anangowerenga chotsatira: osanyambita chala potsegula tsamba. Tsono munthu angapeze bwanji nyimbo abusa atatchula kale nambala, chala chili chouma ndi chisanu cha kuno?

Lachitatu ndilo linandivula chipewa. Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala ndi malo ake, ndipo m'mawa uliwonse wogwira ntchito ayende m'mashelefu kuwerenga manambalawo imodziimodzi, chifukwa buku loikidwa malo olakwika n'chimodzimodzi lotayika. Tinakhuthula bokosi lonse pamphasa. Tinapeza kaseti ya Alleluya Band ili m'chikuto cha Katawa Singers, malisiti anga a feteleza, mano a makoswe pamakope a madoremi, ndi chingwe cha kiyibodi. Chingwe chinatu ichi, chachiwiri. Ndi chimene chinasowa chaka chatha, ine n'kuimirira pamsonkhano kuloza mnyamata wina wa tena, kwaya yonse n'kusonkha kugula china. Ndikuganizabe kuti mnyamatayo ali ndi njira yake yotsegulira loko.

Za makaseti ndinkayesa palibe angandiphunzitse, ine munthu woti ndinagula makaseti a kwa O.G. Issa mphwangayo asanabadwe, ndipo ndikudziwa kubweza tepi yomezedwa ndi wailesi pogwiritsa ntchito bolopeni. Koma lamulo linati kaseti ikhale kutali ndi dzuwa, fumbi, chinyontho ndi maginito. Anandifotokozera kuti mawu amagona patepi mwa mphamvu ya maginito, ndipo maginito ena akayandikira amatha kuwafufuta. Anatinso m'sipika iliyonse muli maginito aakulu. Makaseti amene ndimawakonda kwambiri sindinkawaika m'bokosi. Ndinkawalemekeza powasanja pamwamba pa sipika ya kwaya, pawindo, kuti alendo aziwaona. Tinayesa imodzi imene kwaya yathu inajambulitsa m'zaka za m'ma 1990. Tinamva mphepo, kenako munthu akutsokomola patali, kenako mphepo. Ndinauza mphwanga kuti masiku amenewo tinkaimba mofatsa.

Sanaseke. Anandiuza za Hugh Tracey, mzungu amene anayendayenda m'Nyasaland m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 ndi makina ojambulira mawu. Anajambula nyimbo za Achewa, Amang'anja, Ayao, Atonga ndi Atumbuka, ndipo nyimbo iliyonse ankailembera dzina lake, woimba, chiyankhulo ndi malo amene anaijambulira. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, imene inatulutsa mbale 210 za Sound of Africa kuchokera m'maiko ambiri a mu Africa. Mu 1978 laibulaleyo inasamukira ku Rhodes University, mumzinda wa Grahamstown umene lero ukutchedwa Makhanda, ku South Africa. Mpaka pano bangwe ndi kalimba za agogo athu zikumvekabe kumeneko, chifukwa chakuti pali anthu amene amasamba m'manja ndi kubweza chinthu pamalo pake.

Zinandiwawa pang'ono. Nyimbo zojambulidwa ine ndisanabadwe zili moyo kuchilendo, pamene zathu zadzanadzanali zinafera pawindo la mwini wake, zikukondedwa. Ndinayankha kuti ifenso kuno timadziwa kusunga: taonani zojambula za m'mapanga a Chongoni, pafupi pomwepa, malo 127 amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Mphwanga anati zimenezo zinapulumuka chifukwa palibe amene angabwereke phanga kupita nalo ku chinkhoswe.

Lamulo lomaliza linali la abale. Wogwira ntchito asabwereketse kanthu kwa mnzake, m'bale wake, ngakhale kwa iye mwini, popanda kulemba. Asakoperenso anthu nyimbo za eni ake. Anandikumbutsa kuti dziko lino lili ndi bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza oimba ndi olemba, ndiponso lamulo la mu 2016 loteteza ntchito zawo. Ndinaganiza za memori khadi ya kwaya, imene yakhala ikuchezera kwa mnyamata wobena nyimbo pamsika nthawi yaitali kuposa imene yakhala m'bokosi, koma ndinaona kuti si nkhani yoyambitsa pamaso pa ana.

"Buku nambala 7 lili kuti, amalume?"

"Lili kwa apongozi."

"Anasaina?"

Anthu ophunzirawa amafunsa mafunso! Apongozi anga ndikawaona akubwera panjira ndimapatukira m'chimanga. Bukulo analitumizira mwana, ine ndinalipereka ndi manja awiri kwa mwanayo. Ndikanayamba bwanji kuwaloza pamzere kuti sainani apa, mubweze Lachisanu? Mphwanga anati ngati wobwereka sanasaine, bukulo lilembedwe m'dzina la amene analitulutsa. Mayi a kunyumba analemba msangamsanga, ndi zilembo zazikulu.

Atabwerera kusukulu, ndinatsimikiza mtima kuti malamulo amene anandipweteka ine apwetekenso ena. Ndinamata pepala pachitseko: bokosi limatsegulidwa 8 koloko m'mawa, limatsekedwa 4 koloko madzulo. Ndinaika beseni la madzi ndi sopo pakhonde. Wofuna buku ankasamba m'manja ine ndikuyang'anira, ankasaina, ndipo ndinkamununkhiza ngati wadya usipa. Obwereka anachepa, kenako anatha. Mabuku anakhala audongo, osanjika bwino, nambala ndi nambala. Sindinaonepo laibulale yoyenda bwino chotero.

Kenako kunagwa maliro kumudzi wapafupi, dzuwa litalowa. Anabwera achinyamata awiri ndi tochi kudzatenga mabuku oti akaimbire kusiwa. Ndinawaonetsa pepala la pachitseko, n'kuwalangiza abwere mawa 8 koloko ndi manja osamba. Anayang'anana, anandithokoza mwaulemu woopsa, n'kubwerera. Ndinavala jekete kuwatsatira, ndili ndi chisoni kuti usiku umenewo anthu agona chete chifukwa cha kusatsata dongosolo.

Ndisanawoloke n'komwe dambo ndinayamba kumva nyimbo. Amayi a Chigwirizano anachezera usiku wonse, nyimbo kutha ina kuyamba, ndime zonse mpaka yomaliza, opanda pepala m'manja. Agogo ena amene sanalowepo m'kalasi ndiwo ankayambitsa, ndipo wina akalumpha ndime ankamubweza ndi diso. Abambo panja pamoto ankavomera. Pa anthu onsewo, amene ankasowa buku anali mmodzi yekha, ndipo makiyi anali m'thumba mwake. Ndinkagwira mzere woyamba, kenako n'kumangong'ung'udza mwaulemu mpaka tambala analira.

Lamulungu lotsatira komiti inakhala pansi. Ndinakonzeka kuti malamulo anga awataya, koma ayi, anawayamikira. Anati n'zoona nyimbo zili m'mitu ya agogo, koma agogowo akutha mmodzimmodzi, ndiye mabuku asamalidwe, makope a madoremi akutidwe, ndipo achinyamata azikhala pansi ndi agogowo kulemba nyimbo zimene sizili m'buku lililonse, ndi dzina la woimba ndi tsiku. Anangofufuta za maola, poti maliro sayang'ana wotchi. Atafunsa kuti ndani wasunga bwino kaundula, kopelo linayenda dzanja ndi dzanja, ndipo makiyi anaperekedwa kwa mayi a kunyumba. Ine anandisiyira mbali yonyamula.

Tsopano ndine wogwira ntchito weniweni, monga mphwanga, kusiyana n'kwakuti iye amalandira kenakake. Ndimasaina pofika, ndimasamba m'manja, ndimawerenga manambala m'mawa. Ndipo komiti inavomereza chindapusa chimene ndinkachifuna chija, cha sabata iliyonse buku likachedwa. Woyamba pamndandanda ndi amene anatulutsa nambala 7.

"Abambo, njira ndi ziwiri," anatero abwana anga dzulo akutseka kope. "Mupite kwa amayi mukalitenge nokha, kapena muzilipira."

Ndayamba kale kusunga zosintha.