Ndale za Mbuya Gwanda pa mjigo wa kwathu

Pa ndale mphunzitsi wanga ndi mmodzi yekha, malemu Gwanda Chakuamba a ku Nsanje. Iwo sankadziwa kuti ali ndi wophunzira ngati ine, ndipo bola sanadziwe.

Taonani njira imene anayenda bambowa. Nthawi ya Kamuzu anali phungu, nduna komanso mkulu wa Apayoniya, munthu woti akatsokomola, Chigwa chonse cha Shire chimakhala chete. Mu 1980 zinthu zinatembenuka, anawagamula zaka 22 pa mlandu wokhudza kuukira boma. Anakhalako 13. Atatuluka mu 1993 anasuzumira pang'ono ku UDF, kenako n'kubwerera ku Kongeresi komwe kunawamangako. Mu Okutobala chaka chomwecho Kamuzu atapita ku South Africa kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, dziko linasiyidwa m'manja mwa anthu atatu: John Tembo, Robson Chirwa, ndipo wotsogolera anali Mbuya yemweyo, bulangete la kundende lisanasiye n'kuwayabwa komwe.

Mu 1999 anaima pa chisankho cha pulezidenti limodzi ndi Chakufwa Chihana, a Muluzi n'kuwapambana. Mu 2004 anabwera ndi chipani chawochawo cha Republican pansi pa Mgwirizano, anakhala achitatu, anakana zotsatira, koma pofika 2005 anali nduna ya zamalimidwe m'boma la Bingu. Anawasamutsira ku zamthirira ndi madzi, anawachotsa chaka chomwecho, iwo osataya nthawi n'kuyambitsa New Republican Party. Munthu ameneyu kugwa ankagwa ndithu, koma podzuka ankadzukira pamalo pabwino.

Tsono ine ndinati nzeru zimenezi ndiziyese pa komiti ya mjigo wa kwathu, pomwe khomo lililonse limasonkha kandalama pamwezi ka girizi ndi malabala. Ndinaimira utcheya. Chisankho chake n'choima kumbuyo kwa amene ukumufuna. Nditacheuka ndinapeza mlamu wanga yekha, ndi galu wa aneba amene anatsata fungo la usipa m'thumba langa. Mayi a kunyumba anali pamzere wa mnzanga amene ndinkapikisana naye, ati kumeneko kunali mthunzi.

Zotsatira ndinazikana pomwepo, monga mwa maphunziro. Madzulo ake ndinakhazikitsa gulu langa lotsutsa, ine pulezidenti, alamu mlembi wamkulu. Tinapanga mgwirizano ndi a komiti ya maliro, koma unatha titangoyamba kukambirana za yemwe azisunga ndalama. Alamu nawo anatuluka m'chipani atamaliza nsima.

Ndinachita zimene Mbuya akanachita: ndinapita kwa a tcheya ndi nkhope yowala, ndinati ndabwera kudzathandiza chitukuko. Anandilandira, nandipatsa kiyi wa loko wa mjigo. Abale anga, unduna wa zamadzi umakoma! Mamawa amayi ali ndiii pamzere ndi zidebe, ine ndikubwera pang'onopang'ono, kiyi ali pakhosi pa chingwe cha nsapato, aliyense "Mwadzuka bwanji, bambo?" Ngakhale agogo ena amene sanandipatsepo moni chibadwire anandibweretsera chinangwa chophika.

Unduna wanga unatha pa nkhani yaing'ono. Akuti ndinkalola mayi a kunyumba kutunga osaima pamzere. Ine ndimati imeneyo inali ndale ya adani anga, chifukwa nduna iti imene kwawo sikukhala chitukuko? Anandilanda kiyi pamaso pa anthu, chingwe chokha n'kundibwezera.

Usiku ndinadandaula kuti ndatsatira zonse, kukana zotsatira, kuyambitsa chipani, kubwerera ku boma, nanga bwanji ine sizikundiyendera?

Mayi anayankha ali kutsuka mbale, osatembenuka n'komwe: "Bambo a Chikondi, mwalumpha kalasi. Anzanuwo anayamba akhala kaye zaka 13 kundende. Mukafuna, ndikauze a tcheya za ndalama ya girizi ija."