Kandiposa Kambalame ka Magalamu 9

Kuno ku Chadiza ndimadziwika kuti ndine munthu woyenda. Mbiriyi ndinadzipangira ndekha pabwalo la nsolo, ndipo ndaisamala zaka zambiri. Ku Chipata ndafikako kasanu. Ku Mkaika ndinakaonera Kulamba, ndipo a Kalonga Gawa Undi ndikanawaona ndi maso angawa pakanapanda munthu wamtali amene anaima kutsogolo kwanga. Ndinafikanso pachipata cha Chanida n'kuloza Mozambique ndi chala. Kuwoloka ndiye ayi, chifukwa pepala lolowera linali m'thumba la buluku limene mayi akunyumba anali atanyika m'beseni m'mawa womwewo.

Ulemu wonsewu unathera pansi pa mtondo, kumalire kwa munda wanga, tsiku lina mu Novembala. Ndinali kupumula, popeza ndinali nditaunga mizere itatu yathunthu, pamene mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira za nkhalango, anandikodola.

"Amalume, taonani kambalame ako."

Ndinakweza maso. Kanthu kotuwirako mobiriwira pamsana, koyererako kumimba, kokhala ndi kamzere pamwamba pa diso ngati kachita kudzilemba nsidze. Kankangodumpha tsamba ili, tsamba ilo, kutola timphutsi, osapuma ngakhale pang'ono.

"Ndi timba uyo," ndinayankha ngati katswiri. "Tinkawakola ndi ulimbo tili ana. Khumi sadzaza mbale."

"Ameneyo ndi mlendo, amalume. Azungu amati willow warbler. Wachokera ku Ulaya."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ku Ulaya! Kanthu koti kakaima pa sikelo ya ogula soya, sikeloyo singadziwe n'komwe kuti pafika munthu. Mnyamatayo anavomera kuti zoonadi kamalemera pafupifupi magalamu 9, ngati timasupuni tiwiri ta shuga. Koma anati timbalameti timaswana kumpoto, ku Sweden, Finland ndi Russia, ndipo kukayamba kuzizira timanyamuka n'kufika kuno cha mu Okutobala, mvula ili pafupi. Tina tochokera kum'mawa kwenikweni kwa Siberia timauluka makilomita opitirira 12,000 kuti tifike kuchigawo chino cha Africa.

Ndinawerengera chamumtima. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Ndiye kuti tina mwa timbalameti timayenda ulendo wa ku Lusaka maulendo oposa 20, kenako mu Epulo n'kubwereranso. Ine ulendo wa ku Lusaka ndakhala ndikuukonza kuyambira chaka chomwe Vubwi anachoka m'boma lathu, mu 2012, ndipo chikwama chake chadyedwa kale ndi makoswe.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti kamayenda usiku, kopanda tochi, kuyang'ana nyenyezi. Tiana take timanyamuka patokha ulendo woyamba, popanda wotilondolera, njira ili kale m'magazi. Ine usiku wina, pochokera kokalawa kachasu wa mnansi, ndinasochera pakati pa khola langa ndi nkhokwe yanga, mpaka galu wanga yemwe anandiuwa.

Pofuna kudziwombola ndinafunsa kuti nanga kamba wa paulendo kamanyamulira muti. Akuti kakatsala pang'ono kunyamuka kamadya kwambiri, n'kusunga mafuta m'thupi, ndiwo amakayendetsa. Apa ndiye ndinaona kuti ndife pachibale. Inenso mafuta apaulendo ndakhala ndikusunga kwa zaka khumi, lamba wandithera mabowo. Kusiyana kwake n'kwakuti mnzangayo akanenepa amanyamukadi.

Ndinalakwitsa kukafotokoza zonsezi kunyumba. Mayi akunyumba anamvetsera akusenda maungu, kenako anafunsa zovala. Ndinawauza, monga ndinamvera, kuti kamathothola nthenga zake zonse kawiri pachaka n'kumera zatsopano, kamodzi kwawo, kamodzi kuno, zomwe mbalame zambiri sizichita.

"Kawiri pachaka? Nanga inu abambo, jekete laukwati lija mudzalivula liti?"

Ndinati nkhani si imeneyo. Ndinaonjeza kuti kuno sikamanga chisa, sikaikira mazira, kamangobwera kudzadya basi. Chisa chake kamakamanga kwawo, pansi m'maudzu, chokhala ndi kadenga ndi kakhomo pambali.

"Ndiye kali ngati abale anu aja," anatero. "Koma ikoko kamadziwa tsiku lobwerera. Ndipo kakabwera kamadya mbozi, osati nkhuku zanga."

Akulu anati timba sachepa ndi mazira ake, ndipo ine mwambiwu ndinkaunena ponyoza anzanga aafupi. Tsopano ndinayamba kupita pansi pa mtondo paja tsiku ndi tsiku, khasu ndikulitsamiritsa pamtengo, amvekere ndikuphunzira. Anthu odutsa ankaganiza kuti ndikupempherera mvula. Cha mu Malichi kanayamba kuimba, kanyimbo koyambira m'mwamba n'kumatsika pang'onopang'ono ngati mtengo wa soya pa nthawi yokolola. Mnyamata uja anati kakuyeserera nyimbo yokafunsirira mbeta kwawo. Ine pofunsira ndinatuma malume anga, n'kubisala kuseli kwa chulu.

Sabata yatha ndapitako, mtengo uli zii. Kapita osatsanzika, ndipo pamene mukuwerenga nkhaniyi mwina kali pamwamba pa dziko lomwe dzina lake sindingalitchule bwino. Zinandikhudza, moti ndinafika kunyumba n'kulengeza pamaso pa ana kuti chaka chino, zivute zitani, ulendo wa ku Lusaka ulipo.

Mayi akunyumba sanatsutse. Anangomangirira thumba la chimanga pa njinga n'kunena kuti woyenda wamkulu amayamba ndi pafupi. Kuchigayo ndi makilomita awiri. Ndinanyamuka dzuwa lili pamutu, ndipo ndinabwerako nyenyezi zitatuluka, thumba lili pamutu, njinga ndikukoka, tayala litaphwa. Nyenyezizo ndinaziyang'ana ndithu, koma njira anandilozera ndi mwana wina wobusa mbuzi.